Kali Kokha N'kanyama

Mlandu wa munthu woyenda yekha akuluakulu adaugamula kalekale, ndipo chigamulo chake n'chachifupi: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Sadanene izi pofuna kukometsa pakamwa ayi. Adaonapo munthu atalumidwa ndi mphiri kuthengo, wopanda womumanga mwendo kapena womubereka kupita naye kumudzi. Adaonapo wina akumusemera chinyau pabwalo, iye kukamwa yasa, kusowa mboni chifukwa njira yonse adayenda yekha. Adaonapo wamalungo ali thasa m'mbali mwa njira, mtsinje ukumveka chapafupi koma womutungira madzi palibe. Mwambiwu udachokera m'maliro a anthu otere, ndipo ine sindiutenga mwachibwana.

Chonsecho chaka chilichonse, mvula ikangokata, pamsewu wochokera ku Songwe kudzera ku Karonga, kukwera chitunda cha Chiweta mpaka ku Mzuzu, kapenanso wam'mbali mwa nyanja wolowera ku Nkhotakota ndi Salima, pamadutsa anthu amene adasankha dala chomwe makolo adatichenjeza. Munthu mmodzi, njinga yakapalasa imodzi, zikwama zili lendelende m'mbali mwa matayala, tenti atayikulunga n'kuyimangirira pakaliyala. Ena amakhala atachokera ku Cairo, akulinga ku Cape Town. Akaima pamjigo kuti adzaze mabotolo, anthu amayamba ndi kufunsa komwe achokera ndi komwe akupita, koma funso lenileni limabwera pambuyo, mawu atatsika: "Kodi muli nokha? Anzanu ali m'mbuyo?" Akamva kuti m'mbuyo mulibe munthu, amayi amagwira pakamwa, wina n'kuti, "Pepani, bambo." Wapanjingayo sadziwa chomwe akumupepesera. Eni mudzi akudziwa.

Kodi anthu oterewa akuutsutsa mwambiwu, kapena akuuchitira umboni? Munthu amene adauyesa mpaka pamapeto ndi Kazimierz Nowak wa ku Poland. Adabadwa mu 1897 ku Stryj, tauni yomwe lero ili m'dziko la Ukraine. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha adakhazikika ku Poznań, komwe adapeza ntchito ya muofesi, ndipo mu 1922 adakwatira Maria, nabereka naye ana awiri, Elżbieta ndi Romuald. Ambirife tikaona mzungu panjinga timati n'kukhuta, wasowa chochita ndi ndalama. Nowak chidamutulutsa m'nyumba ndi ulova. Chuma cha dziko chidali chitasokonekera, ntchito idatha, ana akufuna kudya. Mkuluyu adaganiza zodyetsa banja lake ndi miyendo, kamera ndi cholembera: kupalasa kupita kutali, kujambula ndi kulemba zomwe waona, n'kumatumiza kumanyuzipepala a kwawo kuti malipiro ake azisunga pakhomo. Kuyambira mu 1925 adazungulira maiko a ku Ulaya mwanjira imeneyi, ndipo mu 1928 adaponda koyamba dothi la Africa ku Libya, koma matenda ndi kutha kwa ndalama zidamubweza.

Pa 4 Novembala 1931 adanyamukanso. Kumapeto kwa mwezi womwewo adali ku Tripoli, atakwera njinga yakale yomwe idali itamutumikira kale zaka zisanu ndi ziwiri, maso ali kummwera, ku Cape Agulhas, nsonga yeniyeni ya Africa, mtunda woposa makilomita 12,000. Libya nthawiyo idali m'manja mwa Ataliyana, ndipo nkhondo idali isanazizire: miyezi iwiri yokha m'mbuyomo adali atanyonga Omar al-Mukhtar, mtsogoleri wa omenyera ufulu. Nowak atalowa kale m'chipululu mpaka pa kasupe wa Maradah, akuluakulu a boma adamulamula kuti abwerere kugombe. Adadzera ku Benghazi mpaka ku Alexandria, kenaka adatsata mtsinje wa Nile kulowa Sudan, nadutsa dera la nyanja zikuluzikulu, Congo ya Abelijiyamu ndi maiko a Rhodesia omwe lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Ku Cape Agulhas adafikako mu Epulo 1934.

Maina a maiko amatha msanga pakamwa, koma m'miyendo satha choncho. Amene sadapalasepo njinga yolemedwa tsiku lathunthu angaganize kuti mdani wamkulu ndi mkango. Mdani ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo kotentha munthu wopalasa amamwa malita ambiri dzuwa lisanalowe. Ukanyamula ochepa, ludzu likupha. Ukanyamula ambiri, masipoko ayamba kuthyoka mmodzimmodzi, limu n'kupindika. Pamchenga njinga yolemedwa siipalasika, umatsika n'kumaikankha, tayala lakutsogolo likulima, mapewa akuyaka moto. Mphepo ikamachokera kutsogolo umapalasa ndi mphamvu ngakhale potsetsereka. Munga umodzi ukuimitsa: kutsitsa katundu yense, kusolola chubu, kufufuza pomwe chabooka. Kumudzi timachimiza m'beseni n'kuona thovu, koma komwe madzi ndi akumwa okha munthu amayendetsa chubu pafupi ndi mlomo kuti amve kampweya, n'kukwecha, kupaka solushoni, kumata chigamba, kupopa, kumanganso katundu. Zonsezi zimapiririka. Chosapiririka n'chakuti mutu ukayamba kuwawa, thupi n'kuphwanya, palibe wokuyang'ana m'maso n'kukuuza kuti lero sitiyenda. Malungo amayamba ndi kuba nzeru zomwe ukadadziwira kuti wadwala. Nowak adadwala malungo kobwerezabwereza paulendowu, ndipo nthawi zambiri wodwala, dokotala ndi wodwazika adali munthu yemweyo.

Ntchito ya njinga yolemedwa si yachilendo kwa ife. Anyamata a makala ochokera ku Dzalanyama kulowa mu Lilongwe, kapena ku Neno ndi Mwanza kulowa mu Blantyre, amakankha katundu woposa wa mlendo aliyense wa zikwama zokongola. Koma taonani kayendedwe kawo. Amayenda mumdipiti, atatu, asanu, asanu ndi awiri. Tcheni cha mmodzi chikaduka onse amaima, pampu imodzi imakwanira gulu lonse, ndipo akagona panjira amagona moyandikana, njinga zili pakati. Mwambi uja amausunga ngakhale osautchula.

Pomwe mwambiwu umaluma kwenikweni ndi dzuwa likapendeka. Kuno kwathu madzulo sachedwa. Cha m'ma 6 koloko mdima wagwa kale. Tsono kuyambira cha m'ma 4 woyenda yekha amasiya kuona mapiri ndi mitengo, maso ake amakhala akusaka chinthu chimodzi, pogona. Ndipo njira zilipo ziwiri zokha: kubisala kapena kupempha.

Wosankha kubisala amadikira mpaka msewu utati zii, kutsogolo kopanda munthu, kumbuyo kopanda munthu, n'kupatuka mwachangu, kukankhira njinga kuseri kwa chulu kapena m'mitengo yowirira. Malamulo ake amawaphunzira ndi thupi. Sagona m'khwawa louma, chifukwa mvula yogwa kumapiri usiku imatha kufika ngati chigumula pomwe sipadagwe n'dontho lomwe. Sagona pamkwaso wa nyama wopita kumadzi. Amayang'ana pansi ngati pali linthumbu, amadziwa kuti chiswe chimaboola pansi pa tenti usiku umodzi, ndipo m'mawa amakutumula nsapato kuopa zinkhanira. M'chilimwe amanunkhiza mphepo kuti amve ngati kwina akutentha tchire. Moto sakoleza, tochi sayatsa, chakudya amadya mwakachetechete. Akalowa m'tenti, pakati pa iye ndi usiku wonse wa Africa pamakhala kansalu kopyapyala, ndipo khutu limakula: tsamba likagwa, mtima phaa, fisi akalira kutsidya, amayesa kuwerengera mtunda, koma chomwe amaopa kuposa zonse ndi mapazi a munthu. Tambala asanalire wapasula kale, udzu wauwongola kuti pasaoneke kuti pagona chinthu. Tanenani, kodi gwape amakhala mosiyana ndi pamenepa? Akuluakulu sadakokomeze. Munthu wogona mobisala, ngakhale akhale ndi madigiri, usiku umenewo ndi kanyama ndithu, ndipo amene adagonapo choncho savuta kuvomereza.

Wosankha kupempha amapatukira pomwe pakufuka utsi. Amatsika panjinga akadali patali, chifukwa pakhomo pa eni sulowa uli pachishalo, n'kunena odi. Ana amathawa kenaka n'kubwerera ali chigulu. Wamkulu wa pakhomopo sayankha yekha nkhani yotere, amati, "Tiyeni tikaonane ndi amfumu." Kumeneko amamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando, moni amayenda mmodzimmodzi, ndipo iye amapereka malonje: komwe wachokera, zomwe waona panjira, komwe akupita, chomwe akufuna. Amfumu akati, "Mwafika, gonani apa, palibe chokuopsani," munthu uja wasanduka wa m'manja mwa mudzi wonse, ndipo chomugwera usikuwo ndi mlandu wa amfumu. Madzi osamba amabwera, nsima imabwera, nthawi zina nkhuku imafa. Koma pali mtengo wake. Thupi likufuna kugona, anthu akufuna nkhani. Pomanga tenti maso makumi asanu ali pa iye, pokonza chubu ali pa iye, ngakhale popita kuseri pali kamwana komulondola. Ayankhe za mkazi wake, za ana, za chipembedzo, za chifukwa chomwe munthu wamkulu angasiyire nyumba n'kumagona m'kansalu. Ufulu womwe adauthamangira wausiya kumsewu. Wagula umunthu ndi ufulu wake, ndipo mawa madzulo adzayenera kusankhanso.

Nowak adalawa zonse ziwiri kwa zaka zisanu: tenti kuthengo, tenti pafupi ndi midzi, nthawi zina kumishoni kapena kwa Apolishi anzake omwe adawapeza m'njira. Tisaiwale kuti masiku amenewo mzungu sankayenda choncho. Bwana wa boma ankayenda ndi amtengatenga, amesinjala, khukhi ndi mahema akuluakulu, ena akadanyamulidwabe pamachila, ndipo mudzi ukaona ulendo wotere unkadziwa kuti kwabwera msonkho kapena ntchito yokakamiza. Tsono apa pakutulukira mzungu wowonda, zovala zong'ambika, akukankha yekha katundu wake, wopanda mphamvu yolamula ngakhale dzira. Kuti adye adayenera kupempha, kugula kapena kusinthanitsa. Munthu wotere amaona dziko kuchokera pansi, ndipo n'zosadabwitsa kuti zolemba zake zidadzudzula dyera la atsamunda ndi momwe ankadyera anthu ndi chuma cha Africa masuku pamutu. Sindikuti adali mngelo, ndiponso khungu lake lidamutsegulira malire ndi zitseko zambiri. Zaka zomwezo azigogo athu a ku Nyasaland ankatsika wapansi kulowera ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Joni, m'misewu ina yomweyo, koma iwo popanda chitupa ankagwidwa, ndipo palibe nyuzipepala idawalipira kuti afotokoze zomwe adaona. Ngakhale lero, mnyamata wa ku Mzimba amene angafune kupalasa kuchoka kwawo mpaka ku Poznań angatope ndi maofesi a ziphaso miyendo isanatope. Izi zimandipweteka, koma sizifafaniza zomwe Nowak adaona.

Kuyambira mu 2003 pali ulendo wotchedwa Tour d'Afrique, womwe gulu la anthu limapalasa kuchoka kumpoto kwa Africa mpaka ku Cape Town kwa miyezi ingapo, ndipo lakhala likudutsa m'Malawi muno. Iwo ali ndi magalimoto onyamula katundu, ophika, amakaniko ndi achipatala. Mwa chiwerengero, mwambi uja aukwaniritsa: sali okha. Koma gulu lotere limadzikwanira. Silisowa madzi a munthu, silisowa chilolezo cha amfumu a kamudzi kakang'ono, madzulo limacheza lokhalokha m'chiyankhulo chake. Ngakhale anthu awiri okha oyendera limodzi amakhala kale kamudzi koyenda: akakhumudwa amatonthozana, akasochera amafunsana okhaokha. Woyenda yekha alibe kothawira. Akafuna kumva liwu la munthu, ayenera kulipeza kwa eni dziko. Akasochera afunse, paja safunsa adalowera njira ya kumanda. Kusowa kwakeko ndiko kumamufikitsa pakhomo pa anthu.

Mwambiwu timakonda kuulozetsa kwa woyenda, ngati kuti ndi chenjezo lake yekha. Koma chala chake china chikuloza ife okhala pakhonde. Wobwera yekha sangadzisandutse awiri. Wachiwiriyo ndi amene adzuke pampando n'kukamulandira njinga. Ngati palibe wodzuka, munthu uja akhalabe kanyama, ndipo tonse tikudziwa zomwe mudzi umachita ndi kanyama kolowa m'mudzi madzulo. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anyamata adatseka misewu ndi miyala ndi zipika, anthu angapo adaphedwa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ena m'maboma okhudzidwawo. Amene ankakayikiridwa kwambiri adali munthu wosadziwika, woyenda yekha, wonyamula chikwama chomwe anthu sakudziwa zam'kati mwake. Taganizani wapanjinga wobisala kuseri kwa chulu m'miyezi imeneyo, atapezeka ndi timachubu, timabotolo ndi kachitofu. Ndife anthu omwewo amene timapha nkhuku chifukwa cha mlendo. Kusiyana kwa mudzi wolandira ndi mudzi wogenda nthawi zambiri kumagona pa munthu mmodzi wolimba mtima amene amayamba wafunsa kuti, "Bambo, mwachokera kuti?" manja a ena asanatole miyala. Ulemu wanga waukulu pankhani yonseyi uli kwa munthu ameneyo.

Mwezi womwe Nowak ankanyamuka ku Tripoli, Novembala 1931, ku Ireland kudabadwa mwana wamkazi, Dervla Murphy. Adasiya sukulu ali ndi zaka 14 kuti adwazike mayi ake, ndipo adawadwazika zaka 16. Atamwalira mayiwo, mu Januwale 1963, m'kati mwa chisanu choopsa, adakwera njinga ku Dunkirk napalasa yekha kudzera ku Iran, Afghanistan ndi Pakistan mpaka ku Delhi. Mu 1992, ali ndi zaka 60, adapalasa kuchoka ku Kenya kudzera ku Uganda, Tanzania, Malawi ndi Zambia mpaka ku Zimbabwe. Chidali chaka cha chilala chachikulu, chaka cha kalata ya mabishopu, nthawi yomwe kuno anthu ankayankhula akuyang'ana kumbuyo. Mayiyu sadanyamuke kuti akafufuze za matenda. Koma buku lomwe lidatuluka mu 1993, The Ukimwi Road, lidadzaza ndi nkhani za Edzi, chifukwa kulikonse komwe ankaima, m'malo ogona otchipa ndi m'tinyumba ta tiyi, anthu ankamukhuthulira zakukhosi. Akadafika pagalimoto yoyera ya bungwe, ndi womasulira ndi mafomu, akadamva mayankho a pamsonkhano. Adafika ali gogo wotuwa ndi fumbi, wopanda womuteteza, wochoka mawa m'mamawa. Kwa munthu wotere mayi wamasiye amatha kunena zomwe sanganene kwa mlamu wake.

Chimene sindigwirizana nacho m'nkhani zambiri za maulendo otere n'chakuti ulemu wonse umathera pa wopalasa. Mayi amene adapala moto n'kuphikanso nsima ana atagona kale, mnyamata wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango amene adawongola limu ndi sipanala yakeyake, mphunzitsi amene adatsegula kalasi kuti mlendo abisale mvula, onsewa amangowamanga mtolo umodzi n'kuwatcha anthu ansangala. Maina awo safunsidwa, kapena amaiwalika pofika pachitunda chotsatira. Mlendo ndi mame, inde, sachedwa kukamuka. Koma mame sadya ufa. Nsima yoperekedwa mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, imachoka pakamwa pa mwana, ndipo mwininyumba sanganene chifukwa ulemu sulola. Woyenda amene amawerengera kuti adzagona ndi kudya mwaulere m'midzi ya anthu osauka kuti ndalama zake zimufikitse kutali, ameneyo sakuyenda yekha, akuberekedwa ndi amphawi. Wanzeru amafika ndi shuga, mchere kapena sopo wogula pagolosale ya pomwepo, amafunsa dzina la mwininyumba n'kulilemba, ndipo akalonjeza kutumiza chithunzi amatumizadi.

Palinso wina woberekera ulendo amene saoneka pachithunzi chilichonse. Zaka zisanu zonsezo Maria adali kumudzi wa Boruszyn ndi ana awiri, akudikira makalata omwe ankatenga masabata ambiri panjira, osadziwa ngati amene akuwerenga mawu akeyo akadali moyo tsiku limenelo. Amayi a kwathu amene amuna awo adapita ku Wenela, ena n'kusanduka matchona, sangafune womasulira kuti amvetse moyo umenewo. Nowak ankamulembera mkazi wake mosalekeza, ndipo makalatawo, omwe adasindikizidwa patapita zaka zambiri, adadzaza mabuku angapo. Ndiye kuti ngakhale usiku wa kuseri kwa chulu, munthuyu ankakhala akuyankhula ndi wina. Ndikukhulupirira kuti n'chimene chidamusunga mutu.

Nanga ngati zili choncho, bwanji osangokhala pakhomo? Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo oyenda okhawa, chifukwa chilipo chomwe amapeza chimene pagulu sichipezeka. Ife tidakulira m'chigulu: kubadwa pali anthu, kudwala pali anthu, kulira pali anthu, ndipo ndi chuma chathu chachikulu. Koma munthu amatha kufika imvi osadziwa kuti maganizo ake enieni ndi ati, chifukwa sadakhalepo tsiku lathunthu popanda womuuza zoganiza. Panjinga, masiku akamatsatizana, phokoso la m'mutu limayamba kutha. Mkwiyo wakale umaupalasa mpaka utafooka. Umayamba kuona momwe dothi likusinthira mtundu, pomwe miombo yathera ndi pomwe malambe ayambira, momwe madenga ndi moni zikusinthira mudzi ndi mudzi, zinthu zomwe wa pabasi amazidutsa ali m'tulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe chodekhetsa munthu kuposa chitunda chomwe ayenera kuchikwera ndi miyendo yake, wopanda womudandaulira. Msodzi wopalasa bwato yekha usiku panyanja amachidziwa chinthu chimenechi, mlenje amachidziwanso. Makolo omwe adatipatsa mwambi uja ankawalemekeza anthu otere, bola abwerere kumudzi n'kudzafotokoza.

Nowak kubwerera kwake kudali kwa mtundu wina. Ku Cape Town Angelezi ena, pogoma ndi kulimba mtima kwake, adafuna kumulipirira tikiti yapamwamba ya sitima yapamadzi kuti apite kwawo. Iye adakana, natembenuza njinga kuloza kumpoto kudzera njira ina. Ena angati kudali kuuma mutu, koma tikumbukire kuti ulendowo ndiwo udali munda wake. Kukwera sitima kukadakhala kusiya khasu pakati pa mzere. M'chipululu cha South West Africa, Namibia ya lero, njinga ija idaphwasuka. Mpolishi wina wokhala kumeneko adamupatsa hatchi, Ryś, iye adapezanso ina, Żbik, ndipo pamsana pa hatchi adayenda makilomita pafupifupi 3,000 kulowera ku Angola. Pamtsinje wa Kasai adakwera bwato lomwe adalitcha Poznań I. Litawonongeka pamathithi adayenda wapansi mtunda wautali kufikira atapeza lina, lomwe adalitcha Maryś, dzina lomwe ankaitanira mkazi wake. Mu Seputembala 1935 adafika ku Léopoldville, Kinshasa ya lero, nakweranso njinga mpaka ku nyanja ya Chad. Kumeneko Afalansa adamukaniza kudutsa Sahara yekha panjinga, motero adagula ngamira, Ueli, nakhala pamsana pake miyezi isanu mpaka ku Ouargla. Chigawo chotsiriza, cha makilomita pafupifupi 1,000, adachipalasanso, ndipo mu Novembala 1936 adafika ku Algiers, atayenda makilomita pafupifupi 40,000 ndi kujambula zithunzi zoposa 10,000.

Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mu Disembala 1936 adafika kwawo, napeza ana omwe adawasiya ali aang'ono atasinkhuka. Adayamba kuyenda m'mizinda ya Poznań, Kraków ndi Warsaw kuonetsa zithunzi ndi kukamba za anthu a ku Africa, akukonzekera zolemba mabuku ndi ulendo wina. Koma thupi lidali litatha. Malungo obwerezabwereza adali atamufoola, fupa la mwendo lidayamba kutupa, ndipo atamuchita opaleshoni adagwidwa ndi chibayo. Adamwalira pa 13 Okutobala 1937 ali ndi zaka 40, isanakwane n'komwe miyezi khumi chibwerereni pakhomo. Patangopita zaka ziwiri nkhondo idagwa pa Poland, ndipo dzina lake lidakwiririka kwa zaka zoposa 60, mpaka Łukasz Wierzbicki adatolera nkhani zake m'manyuzipepala akale n'kuzitulutsa m'buku mu 2000. Mu 2006 mtolankhani Ryszard Kapuściński adavundukula chikwangwani chomukumbukira pasiteshoni ya sitima ya ku Poznań.